Zilembo Zitatu pa Khoma la ba Obed

Lachitatu madzulo ba Obed atabwera ku ntchito anapeza anthu ataunjikana pakhomo pawo ngati pagwa zovuta. Koma atayandikira anaona kuti palibe amene akulira. Onse ankayang'ana khoma la kumsewu. Wina anali atalembapo zilembo zitatu zikuluzikulu ndi penti yofiira: FSM. Pentiyo inali itauma kale, ndipo pa anthu onse anaima pamenepo panalibe amene anamuona wolembayo.

Kwathu kuno ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, penti yofiira pa khoma si nkhani yosekera. Chaka chathachi nyumba zina za kumunsi zinalembedwa mtanda wofiira, ndipo pasanapite nthawi buludoza inabwera kudzatsegula njira ya ngalande. Amene anafulumira anasasula okha malata, kuchotsa zitseko ndi mafelemu a mawindo buludoza isanafike. Amene anadikira anatola zopindikapindika, zosathandiza ngakhale pa khola la nkhuku. Kuchokera pamenepo tonse tinazolowera kuti khoma likalembedwa, mwini nyumba akwere padenga asanachedwe.

Nyumba ya ba Obed si yaikulu, zipinda zitatu basi, koma ili ndi mbiri yake. Anaimanga ndi bambo awo, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafakitale a Lusaka ndipo sanabwererenso. Malata akale atawola, ba Obed anavutika zaka zingapo akunyamula matumba m'nyumba zosungira katundu ku Heavy Industrial Area, mpaka anafolera ena atsopano. Malatawo amawakonda kwambiri moti dzuwa likawomba amaima pamsewu n'kumawayang'ana, ngakhale ukawafunsa amakana. M'nyumbamo amakhala ndi akazi awo ba Salome, amene amagulitsa makala ndi tomato pa kantemba, mwana wawo wamkulu Tiyanjane, amene akuphunzira zosoka, ndi ana ena awiri aang'ono.

Tsono Kanyama sisowa akatswiri. Ukadwala mutu m'mawa, pofika masana wapatsidwa matenda asanu ndi mankhwala ake omwe. Zilembo zija nazonso zinapeza ozimasulira ambiri. Mayi wina anati ndi chizindikiro cha mpingo watsopano umene umalemba nyumba zomwe wazipempherera. Bambo wina anakana, nati ndi akuba amene amasankha nyumba zokhala ndi wailesi yakanema. Wina anati ndi a chipani, akuwerengeratu mavoti. Aliyense ankalankhula ngati analipo pamene penti inkasungunulidwa.

Amene anatseka pakamwa onse anali ba Fabian, a nyumba yoyandikana nayo. Iwo amalonda kumayadi, ndipo poti amamva Chingerezi cha mabwana tsiku ndi tsiku, pa nkhani za zilembo anthu amawamvera. Khoma lawo nalonso linali litalembedwa.

"Ni chizungu chapafupi ichi," anatero ba Fabian akuloza chilembo chimodzichimodzi. "Family Should Move. Bakamba ati banja ichokepo. Ni mufolo wina ubwela, ngalande monga ya chaka chatha, muzaona."

Mawuwo analowa bwinobwino m'zilembo zija, ndipo analowanso bwinobwino m'mantha amene anthu anali nawo kale. Ba Obed anakweza maso kuyang'ana denga lawo.

Atalowa m'nyumba anauza Tiyanjane kuti afunse foni yake, poti masiku ano foni imadziwa zonse. Tiyanjane analemba zilembo zitatuzo, ndipo foni inayankha mosaumira. Inati FSM ndi dziko la tizilumba pakati pa nyanja yaikulu, kutali kwambiri. Inati ndi chakudya chaulere chimene ana amalandira m'sukulu za ku Mangalande. Inati ndi zina za makompyuta, ndi zina za makampani, ndi mayina a mabungwe a m'maiko osiyanasiyana. Tiyanjane ankatsitsa ndi chala, koma mndandanda sunkatha.

"Manje pa vonse ivo, chathu ni chiti?" anafunsa ba Obed.

"Siikamba, badadi. Ingoonesa chabe vonse."

Ba Obed anati ngati ndi choncho foniyo ndi yachabe, ndipo ba Fabian anena zomveka. Ba Salome ndi amene sanakhutire. Mayi ameneyu chinthu chikamuzunguza mutu sachisiya. Ndi uja amafunsa wogulitsa mankhwala a makoswe kuti khoswe akadya amakafera kuti, ndipo sachoka mpaka atayankhidwa. Chinawadabwitsa n'chakuti zilembo zomwezo zingakhale dziko, zingakhale chakudya cha ana, zingakhalenso lamulo losamutsa banja. Anati ngati zili choncho, ndiye kuti wodziwa tanthauzo lake pa khoma lawo ndi mmodzi yekha, uja anagwira burashi. Ananena kuti ndi bwino kumufunafuna, ngakhale kupita ku maofesi kukafunsa.

Apa ndiye ba Obed anakana kwamtuwagalu.

"Amake Tiya, imwe simuyaziba maofesi. Ukayenda kukafunsa, ninshi wabakumbusa. Bazakufunsa zina, bazakufunsa batate bako banachokela kuti. Nyumba yamene banafuna kugwesa chaka cha mawa bazagwesa mailo, kukangocha."

Mawu amenewa sanali awo ayi, anali a malemu bambo awo. Mkuluyo anakhala moyo wake wonse akuzemba maofesi, poopa kuti wina amukumbutsa kuti ndi wobwera. Ba Obed anabadwira konkuno, chitupa chawo ndi cha konkuno, koma mantha aja anawalandira pamodzi ndi makiyi a nyumba. Si iwo okha. Ambiri a ife timakhulupirira kuti ofesi ndi malo oitanidwa, osati opitako wekha.

"Manje tisasule nyumba chifukwa cha vilembo vamene sitiziba?" anafunsa ba Salome.

Ba Obed anayankha kuti kusadziwako ndiye chifukwa chake. Khoma ukhoza kuumbanso, koma malata akapindika apindika. Tsiku lomwelo anaimbira foni mng'ono wawo Joseph wa ku komboni ya George, amene amayendetsa kagalimoto ka abwana ake, ndipo anapangana kuti abwere Loweruka m'mawa adzanyamule malata akawasungire kwawoko. Banja likanayamba lagona pansi pa mapepala a pulasitiki mpaka zinthu zitadziwika. Uku kunali kumapeto kwa Okutobala, kukutentha kwadzaoneni, ndipo masana aliwonse mitambo inkaunjikana chakum'mawa. Ba Salome akaganiza za ana awo aang'ono pansi pa pulasitiki mvula ya Kanyama ikugwa, chakudya sichinkawalowa.

Lachinayi ba Fabian anapeza nzeru ina. Anagula laimu n'kupaka pa zilembo zija mpaka khoma linayera mbee, nati oyendetsa buludoza amatsata zizindikiro, ndiye akapanda kuchiona adutsa. Anthu angapo anatengera nzeruyo, ndipo wogulitsa laimu anasangalala nalo tsikulo.

Lachisanu ba Salome anasiya kantemba m'manja mwa Tiyanjane, namanga chitenje, n'kuyamba kuyenda. Sanapite ku ofesi ayi, anangofuna kuona ndi maso awo nyumba zimene zalembedwa. Maganizo awo anali akuti ngalande imayenda chingwe chimodzi, ndipo mitanda ya chaka chatha inandandalika motero, nyumba ndi nyumba mpaka kumunsi. Koma izi zinali zina. Nyumba imodzi yalembedwa, ziwiri zotsatira ayi, kenako zilembo zaoloka msewu, kenako zabwerera kuseri. Ngalande yoyenda motero ndiye kuti wojambula anali ataledzera.

Anayesa maganizo ena aja. Ngati ndi akuba, bwanji nyumba yosanja ya mwini chigayo sinalembedwe, pamene kanyumba ka gogo wopanda ngakhale wailesi kalembedwa? Ngati ndi a mpingo, bwanji alemba pa tchalitchi cha anzawo ndi pa malo omwera mowa omwe? A chipani nawonso sakanalemba nyumba ya tcheyamani wawo ndi ya mdani wake penti imodzi. Ba Salome ankayenda akuseka okha, mantha atayamba kuchepa, chidwi chikukula.

Chimene chinawatsegula maso chinali mphuno. Paliponse pamene ankaima kuti awerenge zilembo, fungo linkawathamangitsa. Atayang'anitsitsa anaona kuti zilembozo sizinkalembedwa pa nyumba yogonamo, koma pa kanyumba kakang'ono ka kuseri kapena pa khoma loyandikana nako. Anaima pakati pa njira atagwira pakamwa. Kwawo khoma la kumsewu lija ndi msana wa chimbudzi. Analizolowera kwambiri moti ankangoliona ngati mpanda. Ndipo chimbudzi chawocho chinali chitadzaza kalekale, nkhani imene m'banjamo aliyense ankaidziwa koma palibe ankaiyamba.

Kenako anakumbukira ba Vera, amene amaluka tsitsi pakhonde pawo ndipo sachoka pakhomo tsiku lonse. Munthu wotere palibe chomudutsa. Anawapeza akuluka mtsikana wina, ndipo atawafunsa za olemba makoma, ba Vera anayankha ulusi uli kukamwa.

"Nabaona. Benze batatu, mukazi umozi na bamuna babili, bavala majombo na maovolosi. Banapempha ati tingeneko mu chimbuzi. Nabavomela, munthu sungamukanize. Bachoka apa, bangena pa neba. Bachoka pa neba, bangena futi pena. Ine nati aba banthu badya chani?"

Ba Salome anaseka mpaka misozi. Atafunsitsa, ba Vera anawonjeza kuti anthuwo ananyamula ndodo yaitali imene ankalowa nayo m'chimbudzimo, ndipo potuluka ankaitsuka ndi mankhwala. Pakhomo pa ba Vera sanalembe, poti chimbudzi chawo n'chatsopano. Mayi wa m'gulu la atatu lija ananenadi zinazake zokhudza ofesi ya madzi, koma wailesi inali pamwamba ndipo kasitomala ankadandaula kuti akumukoka tsitsi, choncho ba Vera anangogwedeza mutu.

Ofesi ya madzi ya m'dera lathu ba Salome ankaidziwa, poti amaidutsa popita kukapikula makala, koma anali asanalowemo chibadwire. Atafika anapeza atatseka kale. Mlonda anawauza kuti Loweruka amatsegula m'mawa mpaka masana.

Madzulo anafotokozera amuna awo zonse, za zilembo zodumphadumpha, za fungo, za ndodo. Ba Obed anamvetsera, ndipo zinaoneka kuti zawalowa pang'ono. Koma anati ndodoyo mwina ndi yoyezera kuya kwa ngalande, ndipo galimoto ya Joseph ndi yobwereka, ikabwerera yopanda kanthu sidzapezekanso. Ba Salome anawauza poyera kuti m'mawa apita ku ofesi kuja, afune asafune, ndipo anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asakhudze msomali mpaka iwo atabwerako. Ba Obed sanavomere, sanakanenso.

Tisanamizane, ba Salome nawonso anazengereza atafika pa chipata cha ofesi Loweruka m'mawa. Mawu a amuna awo ankawabwerera m'mutu. Bwanji ngati ndi zoona kuti akukawakumbutsa? Anaima kanthawi akuyang'ana anthu olipira madzi akulowa ndi kutuluka, ndipo poona kuti onse akutuluka amoyo, nawonso analowa. Anauza wa pawindo kuti akufuna munthu amene analemba pa khoma lawo. Wa pawindoyo sanawafunse dzina ngakhale kumene makolo awo anachokera. Anangoitana kuti, "Ba Monde, muli na balendo."

Ba Monde anali mayi wamfupi, wa zaukhondo, majombo ali pafupi ndi mpando wake. Atamva funsolo anamwetulira, nati zilembozo analemba ndi iye mwini. Koma ba Salome atafotokoza zimene anthu akumva, ndi kuti amuna awo mwina ali padenga nthawi yomweyo, kumwetulira kunatha.

"Basasula malata? Chifukwa cha ise?"

Sanadikire yankho. Anavala majombo, kutenga chimkuzamawu chimene chinali pa kabati, ndipo awiriwo anatuluka ali chothamanga. M'njira ba Monde anafotokoza kuti tsiku lija anapeza nyumba zambiri zokhoma, anthu ali ku ntchito ndi kumsika. Amene anawapeza anawauza, nadalira kuti uthenga uyenda wokha. Uthenga unayendadi, koma unali wina.

Asanafike n'komwe anamva kulira kwa misomali ikuzulidwa. Sikunali kwa ba Obed kokha, nyumba zina ziwiri zinali zitayambanso. Ba Obed anali padenga ndi chitsulo chozulira misomali, Joseph akulandira malata pansi, ndipo chipinda cha ana chinali chitayang'ana kumwamba. Ba Salome mtima unawawa kwambiri poona mphasa ndi mabuku a ana zili pambalambanda. Sanakalipe. Anangoti, "Batate bake Tiya, uyu ndiye mwine wa vilembo. Mufunseni mweka."

Ba Obed anayang'ana mayiyo, nayang'ana majombo ake. Kufunsa munthu wa ku ofesi chinali chinthu chimene anali asanachitepo. Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo ba Fabian anali kutsogolo.

"Mayi," anatero ba Obed ali padenga pomwepo, "ivi vilembo vitanthauza chani? Muzagwesa nyumba yanga?"

"Palibe nyumba izagwa, batate. Ise ndise ba vimbuzi."

Ba Monde anayatsa chimkuzamawu kuti ndi a kutali omwe amve. Anatchula mawu a Chingerezi pang'onopang'ono, Faecal Sludge Management, nati ndi chizungu chovuta chimene iyenso chinamuvuta poyamba, koma tanthauzo lake ndi lapafupi: ntchito yochotsa zonyansa m'zimbudzi zikadzaza. Ndodo ija inali yoyezera kuti dzenje latsala malo otani. Chimbudzi chilichonse chimene anachipeza chitadzaza anachilemba, kuti gulu lochotsa likabwera ndi migolo lisavutike kufunafuna.

Kenako anafotokoza chifukwa chake akufulumira. Kanyama yakhala pa mwala, ndipo mvula ikagwa madzi salowa pansi msanga, amangoima m'mabwalo. Chimbudzi chodzaza chimasefukira, zonyansa n'kusakanikirana ndi madzi amene ana amasewera, n'kulowanso m'zitsime zosaya zimene ena amatungamo. Kolera amayambira pamenepo. Apa panalibe wotsutsa, chifukwa palibe banja kuno limene silidziwa wina amene anagonekedwa kapena kuikidwa m'manda ndi matendawa. Anachenjezanso za chizolowezi chathu chija choitana anyamata kuti akumbe dzenje pambali n'kukhuthuliramo zonyansa, nati kumeneko n'kungosamutsa matenda kuchoka ku ngodya ina ya bwalo kupita ku ina. Gulu lawo limanyamula zonyansazo m'migolo yotseka kupita nazo kumalo okonzedwa. Pali kolipira, ndipo aliyense akafika ku ofesi amuuza bwinobwino, koma palibe wokakamizidwa kusamuka.

Tiyanjane, amene ankamvetsera foni ili m'manja, anatsitsanso mndandanda uja. Mawu amene ba Monde anatchula analipodi, pakati pa enawo. Lachitatu lija anawadutsa osaima, chifukwa panalibe chomuuza kuti amenewo ndiwo a pa khoma lawo. Anawasonyeza amayi ake, ndipo onse awiri anangopukusa mitu.

Ba Monde sanazembe mbali yake. Ananena pamaso pa onse kuti ku ofesi kwawo amatchula zilembo zimenezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti anaiwala kuti kunja kuno palibe wozidziwa. Anapepesa, makamaka chifukwa cha penti yofiira, nati inali yokhayo imene inatsala m'sitolo. Analonjeza kuti kuyambira tsopano azilemba mawu athunthu m'Chinyanja, ndipo azidutsa ndi chimkuzamawu Loweruka, anthu ali pakhomo.

Ba Obed anakhala pansi padenga paja, chitsulo chili pamiyendo. Manyazi anawagwira, koma chimwemwe chinali chachikulu kuposa manyaziwo, ndipo maso anafiira. Anayang'ana akazi awo pansipo.

"Ku ofesi banakufunsani chani?"

"Palibe. Ndine nenze kufunsa."

Ba Obed anagwedeza mutu. Kenako anauza Joseph kuti atsitse malata amene anali atakweza kale m'galimoto.

Kusasula n'kosavuta, kufolera ndiye ntchito. Misomali yambiri inali itapindika, malata ena anali atang'ambika pa mabowo, ndipo mitambo ija tsikulo sinali yongoopseza. Anthu amene anabwera kudzaonerera anapinda malaya. Wina anathamanga kukagula misomali, wina anabwera ndi makwerero, ba Fabian akuwongola misomali yakale pa mwala osalankhula zambiri. Mvula yoyamba inafika lata lomaliza lisanakhomedwe. Matiresi a ana ananyowa ndipo buku limodzi la sukulu linawonongeka, koma pofika madzulo nyumba inali ndi denga lake.

Ba Fabian ndi anzawo a laimu ndiwo anatsala ndi ntchito. Ba Monde anali atanena kuti gulu lochotsa limatsatadi zizindikiro, monga mmene ba Fabian ananenera, ndipo khoma loyera alidutsa osaima. Lolemba lake anthu anawaona akukwecha khoma ndi burashi ndi madzi, kufuna kuti zilembo zija zionekenso. Zitakanika, anavala jekete n'kupita ku ofesi. Ba Obed anapita nawo, ati kukawaperekeza, koma amene anabwerako akudziwa tsiku, mtengo ndi dzina la woyang'anira gulu anali ba Obed.

Sabata yotsatira gululo linafika ndi ngolo yokankha yodzaza migolo. Anavala magolovesi ndi zotseka pamphuno, anaboola pambali pa dzenje, kuchotsa zonyansa, kutsekanso ndi simenti, n'kuthira mankhwala pabwalo ponse. Ba Salome, monga mwa khalidwe lawo, anaima chapatali akufunsa kuti migoloyo ikupita kuti ndipo zonyansazo amakazitani. Anawayankha zonse. Mvula itakhazikika mu Disembala madzi anadzaza m'mabwalo monga chaka chilichonse, anthu akuyenda pa miyala ndi matumba a mchenga, koma zimbudzi za mu mzere wa ba Obed sizinasefukire. M'nyumba mwawo palibe amene anatsegula m'mimba dzinja lonse.

Phunziro la nkhaniyi ndi lapafupi. Zilembo zofupikitsa mawu zili paliponse masiku ano, pa makoma, pa khadi la kuchipatala, pa uthenga wa pafoni, pa zikwangwani za mabungwe. Zilembo zitatu zomwezo zikhoza kutanthauza china kuchipatala, china kusukulu, china ku dziko lina. Mnzanu wodziwa Chingerezi akhoza kukupatsani tanthauzo lomveka bwino koma lolakwika. Foni ikhoza kukupatsani matanthauzo ambirimbiri, koma siidziwa khoma lanu. Musanagulitse, musanasamuke, musanasiye mankhwala, musanafute chizindikiro, pitani kwa amene analemba mukamufunse kuti, “Izi zikutanthauza chiyani, ndipo ine ndichite chiyani?” Kufunsa ku ofesi si mlandu, ndi ufulu wanu. Nanunso a m'maofesi ndi m'mabungwe, zilembo zimene mwazizolowera anthu sakuzidziwa. Lembani mawu athunthu m'chilankhulo cha anthu, ndipo muwauze pakamwa.

Denga la ba Obed lilipo mpaka lero. Mbali ya chipinda cha ana ili ndi zigamba zakuda za phula pa mabowo a misomali yakale, ndipo mvula ikakula pali malo amodzi pamene pamadonthabe. Ba Salome amatcherapo beseni. Ana akadandaula, ba Obed amadzuka okha kukataya madziwo, ndipo sauza munthu wina kuti awathandize.